Tinthu ting'onoting'ono timandipsetsa mtima mpaka mwana wayamba kundithawa

Funso

Ndine bambo wa zaka 39, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Vuto langa ndi mtima wapachala. Kondakitala akachedwa kundipatsa chenji, magetsi akazima mpira uli mkati, kapena munthu akawerenga uthenga wanga pa WhatsApp koma osayankha, ndimachita kunjenjemera ndi mkwiyo. Sabata yatha mwana wanga wamkazi wa zaka 7 anataya tiyi pamphasa, ndipo ndinamukalipira mpaka anthu a nyumba zoyandikana nafe anatuluka panja. Panopa ndikamalowa m'nyumba, iye amathawira kuchipinda. Mnzanga wina akuti mkwiyo sasunga, ndizingoutulutsa. Mayi a kunyumba akuti ndizingokhala chete. Malemu bambo anga analinso chonchi, ndiye mwina n'zakumtundu. Kodi munthu wotere angasinthe?

Yankho

Bambo, munthu amasintha, ndipo umboni woti inuyo mukhoza kusintha uli m'kalata yanu yomweyi, pa anthu amene simunawatchule. Mwatchula kondakitala, mnzanu wosayankha uthenga, ndi mwana. Bwana wanu simunamutchule, makasitomalanso ayi. Chikhalirecho aliyense amene anagulitsapo m'sitolo ya zipangizo amadziwa mmene kasitomala amatopetsera. Amakutsitsitsani zitini za penti zisanu pashelefu, amafunsa mtengo wa misomali ya mainchesi atatu ndi ya mainchesi anayi, amakunenani kuti mukuba masanasana, kenako n'kutuluka osagula kanthu. Zimenezi zimaposa kutali tiyi wotayika pamphasa. Komabe ndikhulupirira kuti simunamukalipirepo kasitomala mpaka a m'masitolo oyandikana nanu kutuluka, chifukwa mukanatero bwenzi ntchito itatha kalekale. Ndiye kuti luso lougwira mtima muli nalo, ndipo mumaligwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chikuchitika n'chakuti mkwiyo umene mwaubweza pamaso pa anthu amene inu mumawaopa ukukaphwera pa anthu amene amakuopani inuyo. Sindikunena izi kuti muchite manyazi. Ambiri amene ndimacheza nawo pa ntchito yanga ya uphungu ali chimodzimodzi, abambo ndi amayi omwe, ndipo amene amafika podzifunsa ngati mmene mwachitiramu ndi ochepa.

Tinthu mukutinenati tisatipeputse. Mu 1981, akatswiri a zamaganizo a m'gulu la Richard Lazarus pa yunivesite ya California ku Berkeley analemba mndandanda wa tinthu 117 tosowetsa mtendere tsiku ndi tsiku, monga kusokoneza chinthu osachipeza, kudikira nthawi yaitali, phokoso, aneba ovuta ndi kukwera mitengo kwa katundu. Atatsatira anthu 100 kwa miyezi yambiri, anapeza kuti kuchuluka kwa tinthu timeneti kunkalosera bwino kuvutika maganizo kwa munthu kuposa mmene zinkaloserera zikuluzikulu monga imfa kapena kutha kwa banja. Ine sizindidabwitsa. Maliro akagwa, mudzi wonse umasonkhana, anthu amagona pasiwa, akumpingo amabwera ndi nyimbo, achibale amabwera ndi ufa. Chenji chikachedwa palibe amene amabwera kudzakupepesani. Mumangomeza nokha, lero, mawa, mkuja.

Tiyambe ndi kunjenjemera kuja. Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri ting'onoting'ono totchedwa amygdala, kena kumanja kena kumanzere, timene ntchito yake ina ndi kuzindikira msanga choopsa. Tikangoona chooneka ngati choopsa, uthenga umathamanga m'mitsempha, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, munthu amapuma mobanika, minofu imakungika, shuga amachuluka m'magazi, ndipo ntchito yogaya chakudya imayamba yaima kaye. Walter Cannon wa pa yunivesite ya Harvard ku America anafotokoza zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo: thupi limakhala likukonzekera kumenyana kapena kuthawa. N'zothandiza kwambiri ukakumana ndi njoka panjira kapena galu wolusa. Vuto lake n'lakuti mbali imeneyi ya ubongo sisiyanitsa bwino pakati pa galu wolusa ndi mawu achipongwe, pamene mbali yakutsogolo, ya kuseri kwa chipumi, imene imalingalira zotsatira, imachedwerapo pang'ono. M'kanthawi kochedwerako ndi mmene pakamwa pamatsegukira.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kutentha kumeneku sikutha pomwe nkhani yathera. Zili ngati mbaula: mphika mwaphula kale, pamwamba pakuoneka phulusa lokhalokha, koma pansi makala akadali psuu, ndipo kamphepo kakang'ono n'kokwanira kuwayatsanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Dolf Zillmann ndi anzake anaonetsa kuti munthu amene thupi lake likadali lotentha ndi chinthu china, ngakhale kupalasa njinga kumene, amabwezera mwaukali kwambiri kwa munthu amene wamuputa. Ndipo mwiniwakeyo amaona ngati ukali wonsewo wabwera ndi womuputayo.

Tsopano tilitsate tsiku lija la tiyi. Ine sindinalione, koma masiku a munthu wogwira ntchito m'tauni amafanana. Mwadzuka kusanache, mwina mutagona mochedwa. Pampopi madzi akungodontha. Pasiteji woitanira akukuwa kuti "mmodzi yekha inyamuke," mwakwera, koma ena mwa okhalamo ndi ongodzazitsa, amene akutsika mmodzimmodzi pamene okwera enieni akubwera. Mwafika mochedwa, bwana wayang'ana wotchi osanena kanthu. Nkhomaliro mwadya mandasi awiri muli chiimire. Kasitomala wa penti uja wabwera. Madzulo kondakitala wakhala ndi chenji chanu mpaka mwachita kukumbutsa kawiri. Pofika pakhomo mwameza kangapo konse, mimba ili pululu, thupi silinazizirepo chiyambire m'mawa. Ndiyeno kapu yapendekeka. Mwana uja analipira ngongole ya woitanira, ya bwana, ya kasitomala ndi ya kondakitala. Mlandu wake weniweni unali wa kansalu kopukutira basi.

Tulo ndi njala ndazitchula dala. Mu 2007, Matthew Walker ndi anzake ku Berkeley anajambula ubongo wa anthu amene anachezera usiku wonse osagona, ndipo anapeza kuti amygdala yawo inkatekeseka ndi zithunzi zosautsa mopitirira ndi 60 peresenti poyerekeza ndi ya anzawo amene anagona bwino. Nthawi zambiri munthu akandiuza kuti ali ndi mtima woipa, ndikamufunsa za tulo ndimapeza kuti amagona pakati pausiku foni ili m'manja, n'kudzuka tambala woyamba.

Komatu thupi lotentha palokha silikwanira kuyambitsa ndewu. Pamafunikanso nkhani imene munthu amadziuza mumtima. Taonani zinthu mwatchulazi. Kondakitala wachedwa ndi chenji. Mnzanu wawerenga uthenga, timizere tiwiri tabuluu taoneka, koma zii. Mwana wataya tiyi pamaso panu. Ndikhulupirira kuti mukamvetsera bwinobwino, pansi pa zonsezi pali mawu amodzi: akundidelera. Albert Ellis, katswiri wa ku New York amene anayamba kuphunzitsa njira yake ya uphungu m'zaka za m'ma 1950, ankanena kuti pakati pa chochitika ndi mmene munthu wamvera pamakhala chikhulupiriro, ndipo chovutitsa kwambiri ndi chija chakuti "anthu ayenera kundichitira mwakutimwakuti, apo ayi ndiye kuti andinyoza." Kwa mwamuna amene tsiku lonse wakhala akutumidwa, kulamulidwa ndi kunenedwa, ludzu la ulemu limakhala lalikulu pofika madzulo, ndipo chilichonse chimaoneka ngati chipongwe.

Koma tamuyang'anitsitsani kondakitalayo. Wapinda msana pachitseko, ndalama zapepala wazipinda pakati pa zala, akuwerengera pamtima amene walipira ndi amene sanalipire, dalaivala akumukalipira, ndipo madzulo mwini minibasi akudikira ndalama yake yokwanira. Inu mwamupatsa K5,000. Nthawi zambiri amakhala akudikira kuti wina alipire ndi ndalama zing'onozing'ono. Alipo ena amene amachedwetsa dala kuti muiwale, zimenezo sindikana. Koma kaya ndi woona mtima kaya ndi wakuba, mawu ogwira ntchito ndi amodzimodzi, onenedwa momveka kuti onse amve: "Akondakitala, chenji changa cha K5,000 ija, nditsika siteji ikubwerayi." Simunagonje, ndalama yanu mwaitenga, ndipo simunatsike mukunjenjemera. Mnzanu wa pa WhatsApp naye mwina ali pamzere kuchipatala, mwina bandulo yamuthera atangowerenga, mwina akusowa choyankha chifukwa mwamukumbutsa ngongole ndipo akuchita manyazi. Simukudziwa. Chizolowezi chimene ndikufuna muyambe ndi chodzifunsa kuti, "Kupatula kundidelera, pangakhalenso chifukwa china chiti?" Pezani zifukwa ziwiri musanatsegule pakamwa.

Za magetsi ndinene pang'ono. Sindikukuuzani kuti muzisangalala akazima. Kwa wometa, wowotcherera zitsulo kapena mayi wogulitsa mafilizesi, magetsi akazima ndiye kuti ndiwo za tsikulo zapita, ndipo kudandaula n'koyenera. Kungoti mkwiyo wa pabalaza sufika kwa amene angakonze vutolo. Umafika kwa amene akhala nanu mumdimamo. Chinthu chimene mukudziwa kuti chidzachitikanso mumachikonzekera: foni ikhale yotchaja, ndipo mpira umamvekanso pawailesi ya mabatire.

Tibwere kwa alangizi anu awiri. Mnzanuyo akulakwitsa, ngakhale zimene akunenazo amazikhulupirira anthu ambiri, ophunzira omwe. Mu 2002, Brad Bushman, ali pa yunivesite ya Iowa State, anakwiyitsa dala ophunzira pafupifupi 600 powanyozera nkhani zimene analemba. Ena anawauza kuti amenye thumba lophunzirira nkhonya kwinaku akuganizira munthu wowanyozayo, ena anangowakhazika chete kwa mphindi ziwiri. Amene anamenya thumba akuganizira wowalakwira ndi amene anatuluka okwiya kwambiri ndiponso ofunitsitsa kubwezera. Ongokhala chete aja anazizira kuposa iwo. Mu 2024, Sophie Kjærvik ndi Bushman yemweyo, amene pa nthawiyo anali pa yunivesite ya Ohio State, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 154 wokhudza anthu oposa 10,000. Zinthu zoziziritsa thupi, monga kupuma pang'onopang'ono, kumasula minofu ndi kukhala phee, zinkachepetsa mkwiyo. Zotenthetsa thupi sizinkathandiza, ndipo kuthamanga kunkauwonjezera, ngakhale kuti masewera a mpira ndi anzako ankaoneka othandiza. Kukalipa kumakoma kwa kanthawi, n'zoona. Munthu amamva kupepukidwa, ndipo onse m'nyumba amakhala chete. Koma kukoma kumeneko ndi kumene kumaphunzitsa ubongo kuti njira ndi imeneyi, ndiye mawa mumafulumira kukalipa kuposa lero.

Mayi a kunyumba ali pafupi ndi choonadi, koma anena theka. James Gross, wa pa yunivesite ya Stanford, anachita kafukufuku m'zaka za m'ma 1990 poonetsa anthu mafilimu onyansa, ena n'kuwauza kuti asaonetse kanthu pankhope. Nkhope zinalidi zofatsa, koma m'thupi zizindikiro za kutekeseka zinakwera, ndipo zimene ankamva mumtima sizinachepe. Amene anauzidwa kuti aione nkhaniyo mwanjira ina ndi amene anamvadi bwino. Kwathu kuno timalemekeza munthu wodekha, ndipo mpake. Koma tonse tikumudziwanso bambo amene salankhula, amangokukuta mano, kuponya makiyi patebulo ndi kumenyetsa chitseko. Ana amamuopa chimodzimodzi ndi wokalipa uja, ndipo chakukhosi chimene wasungacho chimadzatuluka tsiku lina pa nkhani ya mchere m'ndiwo.

Ndiye pakati pa kuphulika ndi kumeza pali njira yachitatu, ndipo ndi imene ndikukulangizani: ziziritsani thupi kaye, kenako ngati pali chonena, mukachinene mutazizira. Dongosolo lake lisasinthe. Anthu ambiri amayesa kudzilangiza ndi nzeru thupi likuyaka, ndipo zikakanika amati ndinabadwa choncho.

Kuti zitheke muyenera kuudziwa mkwiyo wanu usanakule. Wina amayamba kutentha m'makutu, wina nsagwada zimauma, wina amakunga zibakera osadziwa, wina mawu amayamba kukwera. Afunseni mayi a kunyumba tsiku limene muli pamtendere kuti, "Ndikamayamba, mumaona chiyani?" Mudzadabwa, iwo amaona inu musanadziwe. Mukangomva chizindikiro chimenecho, tsekani pakamwa ndipo tulutsani mpweya pang'onopang'ono. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse mukuwerenga mpaka 6 kapena 8, ndipo bwerezani kangapo. Chinsinsi chili potulutsapo, chifukwa munthu akamatulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa kugunda kwa mtima. Ngati mwaima, khalani pansi. Abale athu achisilamu ali ndi chiphunzitso chakuti wokwiya ataima akhale pansi, ndipo mkwiyo ukapanda kuchoka agone, ndipo ine ndimachiona chanzeru kwambiri. Tambasulani zala. N'kovuta kulalata utakhala pansi, manja ali otambasula pamaondo.

Zikakanika, tulukani, koma mutsanzike. Nenani kuti, "Mtima wanga watentha, ndituluke kaye, ndibwera tikambirane." John Gottman, amene anaphunzira za mikangano ya m'mabanja kwa zaka zambiri pa yunivesite ya Washington, anapeza kuti mtima ukamagunda kopitirira ka 100 pa mphindi, munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo amalangiza kupuma kwa mphindi zosachepera 20. Mphindi zimenezi zisakhale zokonzera mlandu, zoti ndikabwerera ndikamuuza chakutichakuti, chifukwa mukatero mukungobwereza zija za thumba la nkhonya. Yendani pang'onopang'ono, sambani kumaso, thirirani masamba kuseri kwa nyumba. Kumalo omwera mowa kusakhale kothawirako, pakuti mowa umafooketsa mbali yomweija ya ubongo imene mukufuna kuti idzuke. Ndipo mubwereredi. Bambo amene amatuluka osabwereranso ku nkhaniyo amasiya mkazi ndi ana ali m'malere, osadziwa ngati zatha kapena zikubwera.

Pali kachinthu kena kooneka kachibwana koma kothandiza. Matthew Lieberman wa ku Los Angeles anaonetsa mu 2007 kuti kungotchula dzina la chimene munthu akumva kumachepetsa kutekeseka kwa amygdala. Ethan Kross wa ku Michigan ndi anzake anapezanso kuti munthu akamadzilankhula modzitchula dzina, ngati akulangiza wina, amadekha msanga. Kwa ife izi n'zosavuta, popeza tili ndi dzina laulemu limene anthu amatiitanira. Dziitaneni mumtima ndi dzina la mwana wanu woyamba: "Abambo a uje, mwatopa, muli ndi njala, ndipo mwakwiya. Uyu ndi tiyi chabe." Dzina limeneli limakukumbutsaninso kuti ndinu ndani m'nyumbamo.

Koma malo amene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pakati pa siteji ndi khomo la nyumba yanu, chifukwa ngozi yanu ili pamenepo. Musamalowe m'nyumba thupi lili mmene latsikira minibasi. Kukakhala kowala ndiponso njira ili yabwino, tsikani siteji imodzi musanafike, muyende mosafulumira. Gulani nthochi kapena chimanga chootcha mudye panjira. Mukafika, perekani moni, sambani, kenako nkhani. Gwirizanani ndi mayi a kunyumba kuti nkhani za fizi, za lendi ndi za ndalama ya ndiwo zizidikira mpaka mutasamba ndi kudya. Apa ndichenjeze: iyi ndi ntchito yanu, si ya iwo. Sindikunena kuti banja lonse liziyenda monyang'ama kuti bambo asakwiye. Iwonso atopa, mwinanso kuposa inu, ndipo tsiku lina nkhani ya fizi idzakuchingamirani pakhomo musanavule nsapato. Tsiku limenelo udindo wodekha ndi wanube.

Mukazizira mudzaona kuti nkhani zambiri zatha zokha, zosafunikanso kuzitchula. Zotsala, makamaka zobwerezabwereza, zinenedwe masana, mwachindunji, potchula chinthucho osati khalidwe la munthu. "Uthenga wanga wa Lolemba sunayankhidwe, ndipo ndikufunika yankho lisanafike Lachisanu" n'zosiyana kwambiri ndi "iwe umadzimva." Pa foni pokha dziikireni lamulo lokhwima: musatumize uthenga, makamaka wamawu, thupi likutentha. Madzi akatayika saoleka, ndipo uthenga wamawu umasungidwa, umatumizidwa kwa ena, mpaka umakafika pagulu la banja lonse.

Tsopano za mwana, zimene ndikuona kuti ndi zimene zakulembetsani kalatayi. Mukamupepese. Ndikudziwa kuti ambiri tinakula osamvapo bambo akupepesa mwana, ndipo ena adzakuuzani kuti mukatero adzakudelerani. Sizoona. Mwana amene bambo ake amavomera kulakwa amawalemekeza koposa, ndipo amaphunzira kuvomera kwake. Musamuitanitse ngati wamlandu. Mupezeni pamene akusewera kapena akulemba za kusukulu, khalani pansi kuti maso anu afanane ndi ake, ndipo munene mwachidule: "Tsiku lija ndinakukalipira kwambiri. Kutaya tiyi si mlandu, aliyense amataya. Ndinalakwa ndine. Pepa mwanawe." Musawonjezere kuti "koma nawenso uzisamala," chifukwa mawu amenewo amafafaniza onse oyamba aja. Masiwiti sangalowe m'malo mwa mawuwa. Mwina sadzayankha, mwina adzangoyang'ana pansi, ndipo mawa adzathawiranso kuchipinda. Musakhumudwe. Mwana wa zaka 7 amakhulupirira zimene waona kangapo, osati zimene wamva kamodzi. Adzataya chinanso, pakuti manja ake akadali aang'ono ndipo mwana wamantha amagwetsa zinthu kuposa womasuka. Tsiku limenelo adzakuyang'anani kumaso. Mudzati, "Tenga kansalu tipukute."

Kodi n'zakumtundu? Mbali ina inde. Ana amabadwa osiyana, wina wodzidzimuka msanga, wina wofatsa, ndipo amayi amadziwa zimenezi mwana akadali kumsana. Mwina inu munatengera thupi lofulumira kutentha. Koma chochita ndi kutenthako munachita kuphunzira poona. Albert Bandura anaonetsa ku Stanford mu 1961 kuti ana aang'ono amene aona wamkulu akumenya ndi kukalipira chidole amakachita zomwezo, mpaka kubwereza mawu ake. Munaona bambo anu akuthetsa nkhani ndi ukali, ndipo simunaone njira ina. Takumbukirani mmene munkamvera mukamva kutsokomola kwawo kapena mapazi awo akuyandikira pakhomo. Chimene munachiphunzira mukhoza kuchisiya n'kuphunzira china, ngakhale pa zaka 39, kungoti zimatenga miyezi, osati masiku. Mudzaphonya nthawi zina. Muziyeza kusintha kwanu poona ngati kukalipa kukuchepa, ngati mukudzigwira msanga, ndiponso ngati mukupepesa mosachedwa.

Ndisanamalize, pali za thanzi lanu. Mu 2014, Elizabeth Mostofsky ndi anzake a ku Harvard anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti m'maola awiri otsatira kupsa mtima kwambiri, chiopsezo cha kudwala mtima mwadzidzidzi chimakwera pafupifupi kasanu, ndipo cha sitiroko koposa katatu. Kwa munthu wathanzi amene wakwiya kamodzi, chiopsezocho chimakhalabe chaching'ono. Chimakula kwa amene amakwiya kawirikawiri ali kale ndi BP, shuga, kapena amasuta. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kayezetseni BP, n'zachangu ndipo sizipweteka.

Pitaninso kuchipatala ngati ukaliwu wakula posachedwapa mosiyana ndi kale, kapena ngati ukubwera pamodzi ndi kusowa tulo, kusafuna kudya, ndi kusakondwanso ndi zinthu zimene munkazikonda. Matenda a kukhumudwa mwa amuna kawirikawiri saoneka ngati misozi, amaoneka ngati ukali. Kuonda kosadziwika bwino, thukuta lambiri, kunjenjemera manja ndi mtima kugunda ngakhale muli phee zikhoza kukhala vuto la chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi. Mankhwala ena monga prednisolone, mowa, chamba, ndi kuvulala m'mutu zimasinthanso mtima wa munthu. Ndipo ngati munamenyapo munthu m'nyumbamo, kuswa katundu, kapena mumakhala ndi maganizo odzipweteka nokha, musadikire kuti malangizo a m'kalata akuthandizeni. Ankhoswe, abusa kapena ashehe ndi othandiza, koma dzanja likakwezedwa nkhani yadutsa pa ankhoswe okha. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, ndipo mayi ndi ana ali ndi ufulu wokadandaula ku Victim Support Unit ya polisi. Thandizo la zamaganizo limapezeka ku Queen Elizabeth Central Hospital konko ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Kumeneko sikupita okhawo amene anthu amawati amisala. Kumapitanso aphunzitsi, madalaivala ndi ogulitsa m'masitolo amene akufuna kuti kunyumba kwawo kukhale mtendere.

Kuyambira lero, gulani kakope kakang'ono. Kwa masabata awiri, nthawi iliyonse imene mwapsa mtima, lembani madzulo ake nthawi imene zinachitika, chimene chinachitika, maola amene munagona, ngati munali mutadya, ndi mawu amene munadziuza mumtima. Ambiri akawerenga amapeza kuti mkwiyo wawo uli ndi nthawi yake: madzulo asanadye, masiku oyandikira kulipira lendi, kapena m'mawa wotsatira mowa. Mukaganiza zokaonana ndi dokotala kapena mlangizi, katengeni kakopeko, ndipo ngati mayi a kunyumba angavomere, mupite nawo kuti akafotokoze zimene iwo amaona.